Kuyendetsa seva yanuyanu ya imelo: ntchito yaikulu ndi kupeza chikhulupiriro cha maseva ena

Munthu wodziwa bwino Linux angathe kukhazikitsa seva ya imelo masana amodzi okha, ndipo dzuwa lisanalowe akhoza kukhala atatumiza kale kalata yoyamba kuchokera pa adiresi yokhala ndi dzina la bungwe lake. Zovuta zimadza pambuyo pake. Kalata ija imanyamuka bwinobwino, koma kwa mnzake wa pa Gmail imakagwera m'foda ya spam (makalata osafunika otumizidwa mwachisawawa), kwa wina wa pa Outlook imabwezedwa ndi uthenga woti kompyuta yotumizayo ndi yoletsedwa, ndipo mwini seva amayamba kufunafuna cholakwika m'mapulogalamu ake pomwe mapulogalamuwo alibe vuto lililonse. Chimene chikusowa ndi chikhulupiriro. Masiku ano seva iliyonse yolandira makalata imayamba yakayikira kaye seva yachilendo, choncho gawo lalikulu la ntchito ya munthu woyendetsa seva yake ndi kuchotsa chikayiko chimenecho, kenako n'kuonetsetsa kuti chisabwererenso.

Zifukwa zofunira seva yanuyanu ndi zomveka, ndipo sindiziona mopepuka. Sukulu, kampani ya maloya kapena bungwe lomwe si la boma likamagwiritsa ntchito Google Workspace kapena Microsoft 365 limalipirira wantchito aliyense payekha mwezi ndi mwezi, kawirikawiri mu ndalama zakunja, zimene ku Malawi zakhala zikusowa kwa zaka zingapo tsopano. Palinso funso la komwe makalata akusungidwa ndi amene angathe kuwaona, funso limene lakula kuchokera pamene dziko linakhala ndi lamulo la Data Protection Act mu 2024. Ena amangofuna kuphunzira, ndipo ndi ntchito zochepa za pa intaneti zimene zimaphunzitsa munthu zinthu zambiri nthawi imodzi ngati imeneyi.

Chikayiko chija gwero lake lili mu 1982, pamene Jon Postel analemba chikalata chotchedwa RFC 821 chofotokoza SMTP, ndondomeko imene maseva amatsatira popatsirana makalata. Pa nthawiyo makompyuta olumikizana anali ochepa, ambiri anali a mayunivesite ndi malo ochitira kafukufuku ku America, ndipo owayendetsa ankadziwana, choncho palibe anaona chifukwa choikamo njira yotsimikizira kuti wotumiza kalata ndi amene akudzitchulayo. Ndondomekoyi inakonzedwanso, ndipo imene ikutsatidwa tsopano ndi RFC 5321 ya mu 2008, koma mtima wake sunasinthe. Seva yotumiza imafunsa DNS, kaundula wa mayina a pa intaneti, kuti makalata a domeni yakutiyakuti (dzina lobwera pambuyo pa chizindikiro cha @ mu adiresi) amalandiridwa ndi kompyuta iti, yankho limachokera mu rekodi ya MX, ndipo ikalumikizana ndi kompyutayo pa port 25, khomo lake lolandirira makalata a maseva ena, imadzitchula dzina ndi mawu oti EHLO, imapereka adiresi yobwezerako kalata ikalephera kufika ndi mawu oti MAIL FROM, imatchula wolandira ndi RCPT TO, kenako n'kupereka kalata yeniyeniyo ikanena kuti DATA.

Apa pali mfundo imene aliyense woyendetsa seva ayenera kuigwira bwino. Kalata iliyonse ili ndi maadiresi awiri a wotumiza: ina ndi ya pa envelopu, yonenedwa mu MAIL FROM, imene wowerenga saiona, ndipo ina ndi ya pa mzere wa From m'kati mwa kalatamo, imene imaoneka pa foni kapena pa kompyuta. SMTP payokha sifuna kuti ziwirizi zifanane, ndipo sifufuza ngati ina mwa izo ndi yoona. Chinyengo chambiri cha pa imelo chimalowera pa mpata umenewu, ndipo njira zonse zotsimikizira zimene zinabwera pambuyo pake zinapangidwa kuti zitseke mpatawo popanda kugwetsa ndondomeko yakale.

Mbali ina ya SMTP ndi yothandiza kwambiri kwa oyamba kumene. Seva yolandira ikayankha ndi nambala yoyamba ndi 4, monga 421 kapena 451, ndiye kuti vutolo ndi la kanthawi ndipo yotumiza imasunga kalatayo n'kuyesanso. Ikayankha ndi nambala yoyamba ndi 5, monga 550, ndiye kuti yakana kotheratu. Seva yanu ikazima kwa maola angapo makalata obwera satayika, chifukwa maseva otumiza amayesabe kwa masiku anayi kapena asanu asanasiye. Pulogalamu yotumiza makalata ya Postfix, mwachitsanzo, imasunga kalata pa mzere kwa masiku 5 ngati simunasinthe kalikonse.

Chimene timachitcha seva ya imelo ndi mapulogalamu angapo ogwirira ntchito limodzi. Yolandira ndi kutumiza makalata pakati pa maseva kawirikawiri imakhala Postfix, imene Wietse Venema anailemba ali ku malo a kafukufuku a IBM ndipo inatuluka mu 1998, kapena Exim, imene Philip Hazel anaiyamba pa yunivesite ya Cambridge mu 1995. Yosunga makalata ndi kuwapereka ku foni ndi kompyuta za antchito kudzera mu IMAP pa port 993 imakhala Dovecot, yochokera kwa Timo Sirainen wa ku Finland mu 2002, ndipo ndi yomweyo imene imatsimikizira pasiwedi ya munthu akafuna kutumiza kalata pa port 587 kapena 465. Yosefa spam imakhala Rspamd kapena SpamAssassin, ndipo ofuna kuwerenga makalata pa browser amawaikira Roundcube. Pali mitolo yokonzeratu monga mailcow, Mailu, iRedMail ndi Mail-in-a-Box, imene imaika zonsezi nthawi imodzi. Bungwe lofuna kuyamba ntchito lingachite bwino kutenga mtolo wotere, podziwa kuti mailcow imafuna RAM ya magigabayiti 6 kapena kuposa pomwe Postfix ndi Dovecot paokha amakwana pa kompyuta yaing'ono kwambiri. Komabe munthu amene adzayang'anire sevayo ndi bwino ayambe waika Postfix ndi Dovecot ndi manja ake kamodzi pa seva yoyeserera, chifukwa tsiku limene mtolowo udzavute adzafunika kudziwa kuti ndi chiwalo chiti chikulankhula m'malogi, mafayilo amene seva imalembamo zonse zochitika.

Funso loti seva ikhale kuti ambiri amaliyankha ndi mtima, ati ikhale mu ofesi momwemo kuti tiziiona ndi maso. Ine ndikuona kuti kwa mabungwe ang'onoang'ono ambiri yankho limeneli silithandiza. Intaneti ya pa foni ndi ya marauta ambiri a m'nyumba imadutsa mu CGNAT, kutanthauza kuti makasitomala ambirimbiri amagawana adiresi imodzi ya IP, nambala yodziwira kompyuta pa intaneti, ndipo palibe seva yakunja ingathe kukufikani pa port 25. Ngakhale mutapeza adiresi yanuyanu, ngati ili m'gulu la maadiresi a m'nyumba imakhala italembedwa kale pa mndandanda wa PBL wa bungwe la Spamhaus, umene umatchula maadiresi osayenera kutumiza makalata mwachindunji, ndipo maseva ambiri amakana makalata ochokera kumeneko osawerenga n'komwe. Ndiye pali nkhani ya magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kunapitirira kwa nthawi yoposa chaka. Makalata obwera angathe kudikira monga tanenera, koma antchito amene ali kunja kwa ofesi sangawerenge kalikonse seva ikazima, ndipo disiki imene ikuzimidwa mwadzidzidzi tsiku ndi tsiku sichedwa kuwonongeka. Bungwe lokhala ndi mabatire okwanira, sola kapena jenereta, komanso laini ya intaneti ya bizinesi yokhala ndi adiresi yosasintha, lingathe ndithu kusunga seva pamalo pake, koma lidziwe kuti ndalama zake si zochepa.

Njira yachizolowezi ndi kubwereka VPS, gawo la kompyuta yaikulu logwira ntchito ngati seva yanuyanu, ku kampani yosunga makompyuta, ndipo musanalipire pali zinthu zitatu zoyenera kufunsa. Choyamba, kodi port 25 yotulukira ndi yotsegula? Google Cloud imaitseka, Amazon imaitseka mpaka mutapempha mwalamulo, ndipo makampani ena monga Hetzner amaitsekera makasitomala atsopano. Chachiwiri, kodi amakulolani kusintha rekodi ya PTR, imene imamasulira adiresi ya IP kubwerera ku dzina? Rekodi imeneyi siili m'manja mwa mwini domeni koma mwa mwini adiresi, ndipo iyenera kugwirizana ndi dzina limene seva yanu imadzitchula mu EHLO, dzinalo n'kulozanso ku adiresi yomweyo. Chachitatu, kodi adiresi imene mwapatsidwa inali ya yani kale? Maadiresi a IPv4 ndi osowa ndipo amasinthana manja, choncho mukhoza kulandira adiresi imene mwini wake wakale anaidetsa ndi spam. Ifufuzeni pa mindandanda ya maadiresi oletsedwa tsiku loyamba lomwelo, ndipo ikapezeka yodetsedwa pemphani ina musanamangepo chilichonse.

Tsopano tifike pa marekodi atatu amene amatseka mpata uja wa mu SMTP, omwe ndi pachimake pa nkhani yonseyi.

SPF ndi mzere umene mumalemba mu DNS ya domeni yanu wotchula makompyuta ololedwa kutumiza makalata m'dzina la domeniyo. Mzere wachidule ngati v=spf1 mx -all umanena kuti maseva okhawo otchulidwa mu MX ndiwo ololedwa ndipo ena onse akanidwe. Seva yolandira imayerekeza adiresi ya IP ya wotumiza ndi mzerewu, koma imayang'ana domeni ya pa envelopu yokha, osati ya pa mzere wa From. SPF ili ndi malire amene amapunthwitsa ambiri: kufufuza kwake sikuloledwa kufunsa DNS koposa maulendo 10, ndipo bungwe likamawonjezera pa mzerewo kampani yotumiza ma invoice, ina yotumiza nkhani kwa mamembala, ina ya webusayiti, limadutsa malirewo osadziwa ndipo rekodi yonse imasanduka yopanda ntchito.

DKIM, imene inabadwa pophatikiza njira ziwiri zoyambitsidwa ndi Yahoo ndi Cisco ndipo inafotokozedwa mu RFC 6376 mu 2011, imagwira ntchito mosiyana. Seva yanu imasunga kiyi wachinsinsi ndipo imadinda naye kalata iliyonse yotuluka, pomwe kiyi wapoyera wogwirizana naye mumamuika mu DNS kuti wolandira aliyense athe kutsimikiza kuti chidindocho ndi chanu ndiponso kuti kalatayo sinasinthidwe panjira. Kiyi wa mabiti 2048 ndi amene ali woyenera masiku ano. Ubwino wa DKIM ndi woti chidindo chimayenda ndi kalata, kotero chimakhalabe choona ngakhale kalatayo idutse pa seva ina isanafike kwa mwini wake, pomwe SPF imalephera nthawi yomweyo kalata ikangopatsiridwa ndi seva yachitatu.

DMARC, yofotokozedwa mu RFC 7489 mu 2015, ndi imene imamanga ziwirizi ku adiresi imene wowerenga amaona. Imafuna kuti SPF kapena DKIM ipambane, ndiponso kuti domeni imene yapambanayo igwirizane ndi ya pa mzere wa From; kenako imauza wolandira chochita ndi kalata yolephera, kaya angoilandira pa p=none, aiike m'foda ya spam pa p=quarantine, kapena aikane pa p=reject. Imapemphanso maseva olandira kuti azikutumizirani malipoti a makompyuta onse amene atumiza makalata m'dzina la domeni yanu. Yambani ndi p=none ndipo werengani malipotiwo kwa milungu ingapo, chifukwa ndi mmenemo mmene mudzapeze chosindikizira cha mu ofesi, pulogalamu ya malipiro kapena fomu ya pa webusayiti imene imatumiza makalata m'dzina lanu inu osakumbukira. Kuthamangira ku p=reject kuli ndi mtengo wake: mu 2014 Yahoo itachita zimenezi, makalata a anthu ake odutsa m'magulu okambirana pa imelo anayamba kukanidwa m'malo ambiri, chifukwa maguluwo amasintha kalata asanaigawe.

Kale zinthu zitatuzi zinali zongolimbikitsidwa. Kuyambira mu Febuluwale 2024 Google ndi Yahoo anazisandutsa lamulo: wotumiza aliyense ku Gmail ayenera kukhala ndi SPF kapena DKIM, rekodi ya PTR yolondola, ndi kulumikizana kotetezedwa ndi TLS (njira yobisa kalata ili panjira), ndipo wotumiza makalata okwana 5,000 pa tsiku ayenera kukhala ndi zonse zitatu komanso njira yachidule yoti wolandira adzichotsere pa mndandanda. Makalata amene olandira akuwatchula kuti ndi spam sayenera kufika pa 0.3 peresenti. Microsoft inatsatira ndi malamulo ofanana a otumiza makalata ambiri mu Meyi 2025.

Koma ngakhale mutakwaniritsa zonsezi, marekodi amangotsimikiza kuti ndinu amene mukudzitchulayo. Sanena kuti ndinu munthu wabwino. Zili ngati munthu wosamukira m'mudzi wina atanyamula kalata ya amfumu a kwawo: kalatayo imachititsa kuti alandiridwe ndi kupatsidwa malo, koma anthu amayamba aona kaye khalidwe lake asanamubwereke khasu. Adiresi yatsopano ya IP ilibe mbiri, ndipo makampani akuluakulu amaiyang'ana kwa milungu ingapo, kuona kuchuluka kwa makalata, ngati akupita ku maadiresi amene alipodi, ndiponso ngati olandira akuwatsegula ndi kuwayankha. Choncho seva yatsopano iyambe ndi makalata ochepa opita kwa anthu odziwana nawo, ndipo chinthu choipitsitsa chimene bungwe lingachite ndi kutumiza chilengezo kwa anthu zikwi zingapo sabata yoyamba. Google ili ndi Postmaster Tools ndipo Microsoft ili ndi SNDS zoonetsera mmene akuonera makalata anu, ngakhale kuti seva yotumiza makalata ochepa nthawi zambiri sioneka bwino m'zida zimenezi. Chowawa china n'choti mbiri imakhudzanso oyandikana nawo: ngati makasitomala ena a kampani imene mwabwerekako seva akutumiza spam, gulu lonse la maadiresi likhoza kuletsedwa inu musanalakwe kanthu, ndipo chimene mungachite ndi kulemba pempho loti akuchotseni n'kudikira. Pamenepa pali kusalungama kwenikweni, chifukwa ndondomeko imene inapangidwa kuti aliyense athe kutengapo mbali tsopano ikudalira chigamulo cha makampani owerengeka, ndipo wamng'ono alibe kokadandaula kwenikweni.

Mbiri yomangidwa kwa miyezi ingathe kugwa usiku umodzi. Kale choopsa chachikulu chinali seva yolola aliyense kutumizira makalata kwa aliyense, imene amaitcha open relay. Postfix ya masiku ano siilola zimenezi pokhapokha mwini wake atakulitsa mosasamala mndandanda wa mynetworks, wa makompyuta amene imawakhulupirira. Choopsa cha lero ndi pasiwedi yobedwa. Wantchito mmodzi akalemba pasiwedi yake pa tsamba lachinyengo, akuba amalowa ngati mwini akauntiyo pa port 587 n'kutumiza makalata zikwizikwi okhala ndi chidindo chanu chenicheni cha DKIM, ndipo pofika m'mawa adiresi yanu imakhala pa mindandanda ya maadiresi oletsedwa. Ikani malire a makalata amene akaunti imodzi ingatumize pa ola, ikani fail2ban kuti izitsekera maadiresi oyesa mapasiwedi mobwerezabwereza, ndipo konzani zoti mzere wa makalata odikira ukatalika mwadzidzidzi muzilandira chenjezo pa foni, osati pa imelo yomwe yavutayo.

Satifiketi ya TLS siivutanso kupeza, chifukwa Let's Encrypt yakhala ikuzipereka ulere kuyambira mu 2015. Zimatha pakapita masiku 90, choncho kuzikonzanso kuyenera kuchitika kokha, ndipo Postfix ndi Dovecot ziuzidwe kuwerenga yatsopanoyo. Tidziwe bwino chimene TLS imateteza: imabisa kalata pamene ikuyenda pakati pa makompyuta awiri, koma ikafika pa disiki woyang'anira seva angathe kuiwerenga. Munthu amene wapatsidwa udindo umenewu wanyamula zinsinsi za anzake onse a pa ntchito, kuyambira za malipiro mpaka za matenda, ndipo bungwe liyenera kulemba momveka kuti ndani ali ndi chilolezo cholowa m'mabokosi a ena ndi pa zifukwa ziti.

Pa makalata obwera, lamulo lofunika ndi loti ngati mukukana kalata muikane pamene seva yotumiza idakali yolumikizana nanu. Mukailandira kaye kenako n'kuibweza, imapita ku adiresi ya pa envelopu, imene pa spam imakhala ya munthu wosalakwa, ndipo seva yanu imasanduka yovutitsa ena. Greylisting, yomwe ndi kukana mwadala kwa kanthawi wotumiza wachilendo kuti abwerenso, imachotsa spam yambiri koma imachedwetsa makalata okhala ndi manambala otsimikizira akaunti amene amatha mphamvu m'mphindi zochepa. Kuti mindandanda ya Spamhaus igwire ntchito, seva ikhale ndi pulogalamu yakeyake yofunsira DNS monga Unbound, chifukwa Spamhaus imakana mafunso odzera m'maseva a DNS otsegukira aliyense. Chizolowezi china choyenera kuchiletsa ndi cha antchito amene amapempha kuti makalata awo onse azipatsiridwa ku Gmail yawo. Spam iliyonse yodutsa pa sefa yanu imakafika kumeneko ngati yochokera kwa inu. Ndi bwino kuwathandiza kulumikiza foni zawo ku IMAP mwachindunji.

Zotsala ndi ntchito za tsiku ndi tsiku zimene sizioneka mpaka zitalephera. Makalata akopedwe usiku uliwonse n'kusungidwa pa malo ena osati pa seva yomweyo, ndipo nthawi ndi nthawi muziyesa kubwezeretsa bokosi limodzi kuti mutsimikize kuti zosungidwazo zikuwerengeka. Disiki ikadzaza seva imasiya kulandira makalata. Adiresi ya postmaster, imene RFC 5321 imafuna kuti domeni iliyonse ikhale nayo, iziwerengedwa ndi munthu. Domeni, kaya ndi ya .mw kapena ya .org, ilembetsedwe m'dzina la bungwe osati la wantchito, ilipiridwe nthawi isanathe, ndipo adiresi yolandirira zikumbutso zake isakhale pa domeni yomweyo. Pakhalenso munthu wachiwiri wodziwa mapasiwedi ndi kamangidwe ka sevayo, chifukwa mabungwe ambiri amagwa m'mavuto pamene katswiri yekhayo wapeza ntchito kwina.

Kwa bungwe limene likufuna kusunga makalata ake koma silingapirire kuti kalata yopita kwa opereka thandizo kapena kwa kasitomala isochere, pali njira yapakati imene ndimaiona kuti ndi yanzeru. Seva yanu imalandira ndi kusunga makalata onse, koma otuluka amadzera ku kampani yotumiza makalata monga Amazon SES, Mailgun kapena Postmark, imene ili ndi maadiresi a mbiri yokhazikika. Mu Postfix zimenezi zimatheka polemba seva ya kampaniyo pa mzere wa relayhost n'kuikanso pasiwedi yake, ndipo mu DNS mumawonjezera marekodi a SPF ndi DKIM amene akupatsani. Kampaniyo imaona makalata otuluka pamene akudutsa, choncho bungwe liganizire ngati zimenezi zikugwirizana ndi chifukwa chimene linafunira seva yake poyamba. Posamuka kuchoka kumene makalata ali tsopano, tsitsani TTL ya rekodi ya MX, nthawi imene maseva ena amaisunga asanafunsenso, masiku angapo kusanachitike kusinthako kuti maseva ena asasunge yakale nthawi yaitali, koperani mabokosi ndi pulogalamu ya imapsync kawiri, koyamba musanasinthe MX ndipo kachiwiri mutasintha, ndipo akaunti zakale zisatsekedwe mpaka patadutsa milungu ingapo osafikako kalata yatsopano.